Bwalo la Dothi la Pachulu

Eneles anafika ndi khasu paphewa, n'kupeza mwamuna wake Zakeyo Kaliati akuthira laimu m'mizere ya bwalo lake la tenesi. Munali mu Januwale 1968. Panali patangotha sabata mtsinje utasefukira n'kukwirira ndi mchenga munda wawo wonse kumunsi kwa Mua.

"Bambo a Fagness, mbewu ndanyika dzulo, ndipo ndi yomaliza. Ikagonanso m'madzi iwola. Ndidzala pabwalo pano."

"Kadzaleni kwina."

"Kwina kuti? Pamchenga?"

Zakeyo anali kalipentala. Tenesi anaiphunzira kwa wansembe wina amene ankamukonzera zomenyera mpira zamatabwa. Mkono anali nawo ndithu: anagonjetsa aphunzitsi, makalaliki, ngakhalenso mzungu wa njanji ku Golomoti. Bwalolo analipanga yekha pamtunda wa apongozi ake, zaka zitatu akututa dothi la pachulu pa wilibala n'kumalitsendera ndi mgolo wa simenti. Tsoka lake, dothi la pachulu ndi lomwenso chimanga chimakonda.

M'thumba mwake munali kalata yomuitana ku mpikisano ku Blantyre. Anaidikira zaka khumi kalata imeneyo. Tsopano anali ndi zaka makumi anayi, bondo likuwawa, ndipo ankadziwa kuti sadzaitanidwanso.

"Milungu itatu yokha, mayi a Fagness, ndikonzekere. Ndagwira mwendo wanu. Ndikapambana..."

"Akupatsani chikho. Tidzabwatitsa chikhocho ana adye?"

"Theka lokha ndisiyireni."

"Mvula ikakuona litsiro sikata, bambo. Munda wapita, nkhokwe ili mbee. Amayi akuti mkamwini wawo akalime ku Blantyre komweko."

Zakeyo anaima pakati pa bwalo atatambasula manja, mwamuna wamkulu ndevu pepeya, misozi ili chuchuchu. Eneles anangomulambalala. Anakweza khasu n'kutema pansi. Khasulo linanjanja ngati lagunda mwala. Anatemanso, kachitatu, kachinayi, mpaka mpini unamng'amba chikhatho. Pansipo panangokandika pang'ono. Anapukutira magazi pachitenje n'kukwezanso khasu, akulira chamumtima.

Zakeyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Ankalidziwa dothi limenelo kuposa nkhope za ana ake, ndipo anachita manyazi.

"Lekani, mudzipweteka. Khasu silingalowe pamenepo, ndinatsendera ndine."

Anamasula ukonde wa pakati pa bwalo, kuupinda bwinobwino n'kupita nawo kunyumba. Pobwerako ananyamula piki.

"Ine ndiziswa, inu muzikweza mizere pambuyo panga," anatero.

Anayambira pomwe ankaima poponya mpira woyamba, chifukwa ndi pomwe panali polimba kwambiri.