Jaji Kuseri kwa Katani

"Filimu yopanda chibakera si filimu, ndi maliro chabe," anatero Jaji akupukuta manja ndi kansanza. "Munthu wandevu zako ukhale maola awiri ukuonera anthu akuyang'anana m'maso? Ine ayi, bola ndikagone."

Anzake anaseka. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo monga mwa masiku onse anali atakhala pakhonde la wometa, pakati pa shopu ya telala ndi shedi imene Jaji ankawotchereramo zitsulo. Pakhonde limeneli ndi pamene mafilimu ankazengedwa milandu, ndipo dzina loti Jaji linabadwira pomwepo. Iye akati filimu ndi yabwino, inali yabwino. Akati ndi zinyalala, ngakhale amene anaikonda ankaikana ngati sanaionepo.

"Komatu ija ya dzana, ya msilikali wothawa kundende, inanama mopitirira," anatero telala akuuzira tiyi. "Munthu mmodzi amenye anthu makumi atatu, chipewa osagwa?"

"Chipewacho unasoka ndiwe kuti udziwe kuti chimagwa?" anamubweza Jaji.

Wometa anali akutsuka makina ake ndi kaburashi. Anafunsa osadzutsa mutu: "Nanga ija azimayi apenga nayo, ya mphunzitsi ndi dalaivala wa lole?"

"Usandiyambe iwe! Kwanga zimenezo ndinaletsa kalekale. Nyumba si malo olirira anthu amene sukuwadziwa."

Pakamwa pankatero, koma maso ake anali pa wotchi ya pakhoma. Linali Lachinayi, ndipo Lachinayi lililonse, ndi Lolemba lomwe, ikangokwana wani koloko Jaji ankatseka shedi n'kunena kuti akukagula marodi owotcherera. Marodi ake ati! Ankadutsa misewu iwiri n'kukalowa m'kashopu ka mayi wina wamasiye, wokopera anthu mafilimu m'mafulashi ndi m'mafoni. Kuseri kwa katani kunali kativi koyesera mafilimu ndi mpando umodzi wapulasitiki. Pampando umenewo Jaji, mwamuna wopinda chitsulo ndi manja, ankalira ngati wamenyedwa, akuonera filimu yomwe ija ya mphunzitsi ndi dalaivala wa lole. Tsiku limenelo anali atatsala ndi gawo lomaliza.

Matendawa anamugwira miyezi itatu yapitayo, mkazi wake atagonekedwa m'chipatala kwa milungu iwiri. Nyumba inali zii. Lamulungu lina masana anayatsa tivi n'kupeza fulashi ya mkaziyo ili momwemo, filimu ili pamene anailekezera ululu utamugwira. Anati aoneko pang'ono zopusa zimene zimaliza anthuzi. Dzuwa linakalowa iye ali pomwepo, tiyi atazizira m'kapu. Mkazi atatuluka m'chipatala, Jaji akanayambira pati kupempha malo pampando? Zaka zisanu ndi chimodzi anali akumuseka, akumulanda rimoti, tsiku lina mpaka anamufufutira magawo onse kuti aikemo ya karate. Manyazi ndi amene anamutuma kwa mayi wamasiye uja.

"Jaji, alendo ako awo," anatero wometa.

Jaji anacheuka. Mkazi wake ankabwera atavala diresi lake lapaulendo. Pambuyo pake panali mchimwene wamkulu wa mkaziyo, mlonda wa pabanki, munthu amene Jaji sanamuonepo akuseka chikwatire mlongo wakeyo. M'dzanja la mlondayo munali chikwama chachikulu chija chimene chinkakhala pamwamba pa kabati.

Telala anadzuka msangamsanga kupereka mpando.

"Khalani, bambo, sitinabwere kudzacheza," anatero mlondayo, n'kutembenukira kwa Jaji. "Alamu, mlongo wanga akupita kwathu ndi basi ya thu koloko. Mwana timutengera kusukulu podutsa. Wati asachoke ngati wakuba, akupatseni makiyi pamanja anzanu akuona."

"Mayi a mwana, chalakwika n'chiyani?" Mawu a Jaji anatuluka ang'onoang'ono ngati si ake.

"Marodi aja ali kuti?" anafunsa mkaziyo modekha, kudekha koopsa kuposa kukalipa. "Miyezi itatu mukugula marodi kawiri pamlungu. Mukuwotcherera sitima?"

Palibe anaseka.

"Lolemba ndinakutsatirani. Ndinaima pakhonde la sitolo ya nsapato, dzuwa likundiwamba. Munalowa, mayi uja anayang'ana uku ndi uku, n'kukoka katani. Ola lathunthu ndi theka, bambo a mwana, ine ndili chiimire ngati mtengo wa magetsi. Munatuluka mukukonza kolala, iye akukusisitani paphewa. Ndipo dzulo pochapa ovolosi yanu ndapeza ichi."

Anatulutsa kampango kamaluwamaluwa n'kukaika pabenchi. Jaji anakazindikira. Mayi wamasiye uja anamubwereka Lolemba lomwelo, mamina atamuchulukira pagawo la sate-naini.

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu," anatero mlonda. "Mukanangonena kuti mwatopa naye, tikanabwera kudzamutenga mwaulemu."

Jaji anayang'ana mkazi wake, anayang'ana wometa, anayang'ana telala. Makasitomala awiri amene ankadikira kumetedwa anali atasendera pafupi, makutu ali tcheru. Akanena zoona pakhonde limeneli, dzuwa lisanalowe msewu wonse ukhala utamva. Mawa akamadutsa azimupatsa timipango.

"Ndimakawakonzera chitseko," anatero. "Chitseko chawo chachitsulo chimavuta."

"Chitseko cha miyezi itatu?" anafunsa mlonda. "Ndiye ndinu mmisiri wotani?"

Mkaziyo anatsegula kachikwama ka m'manja, natulutsa makiyi atatu omangidwa ndi kansalu kofiira, n'kuwaika pambali pa kampango kaja. Jaji anaona kuti mkazi wake sanagone masiku angapo, maso anali atalowa m'kati. Mkaziyo anatembenuka. Mlonda ananyamula chikwama. Mkazi uja anatsika sitepe yoyamba, yachiwiri.

Apo Jaji anachita mantha enieni, mantha amene anali nawo tsiku lija anamwino ankakankha bedi la mkazi wake kulowa nalo ku opaleshoni. Anaona nyumba ija ili zii kachiwiri, koma ulendo uno osati milungu iwiri.

"Ndimakaonera filimu," anatero.

Mkaziyo anaima osacheuka. "Kwezani mawu. Pano si paja mumakuwa?"

"Ndati ndimakaonera filimu!"

"Kwanu kulibe tivi, alamu?"

"Ilipo. Koma imeneyi sindingaonere kunyumba."

Nkhope ya mlonda inachita tsinya. "Ndiye ndi zolaula?"

"Ayi! Ayi ndithu." Lilime la Jaji linalemera ngati geti losapaka girisi. "Ndi ija... ija ya mphunzitsi ndi dalaivala wa lole."

Telala anatsamwa tiyi mpaka anatulukira m'mphuno. Mkaziyo anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo anaseka kuseka kowawa.

"Mwasowa bodza lina? Inu? Amene munandifufutira magawo khumi ndi awiri n'kundiuza kuti mukundichiza? Musandinyoze kawiri, bambo a mwana."

"Ndifunseni chilichonse."

Mkaziyo anakweranso sitepe imodzi.

"Chabwino. Dalaivala uja atachita ngozi n'kuiwala zonse, n'kukwatira mkazi wachuma, mphunzitsi anatani?"

"Anasiya sukulu. Anakalowa ntchito ya m'nyumba kwa mkazi wachumayo, kuti azingomuona mwamuna wake tsiku ndi tsiku."

"Zimenezo ngakhale agonthi akudziwa, zimakambidwa m'minibasi. Anabwera ndi chiyani kuchokera kunyumba kwawo kwakale?"

"Kapu," anayankha Jaji msanga. "Kapu yadothi yoyera, yothyoka chogwirira, imene mwamunayo ankamwera tiyi asananyamuke ulendo. Anaisunga zaka zinayi ataikulunga m'malaya. Pagawo la sate-wani anamuthirira tiyi m'menemo. Iye anaigwira ndi manja awiri monga ankachitira kale, anaiyang'ana, anayang'ana wantchitoyo, milomo inayamba kugwedera kuti atchule dzina lake..." Mawu a Jaji anasweka. Anakhosomola, koma sizinathandize. "Ndiye kapu ija inamupulumuka, inagwa, n'kusweka."

"Sinamupulumuke iyayi!" anakuwa wometa, kaburashi kali m'mwamba. "Anaigunda dala ndi chigongono mfiti yachuma ija!"

Wometa anayang'ana kaburashi kake ngati ndi kamene kalankhula.

"Komanso si sate-wani," anang'ung'udza telala, maso ali m'kapu ya tiyi. "Ndi sate-thu."

Mlonda anaika chikwama pansi n'kuwayang'ana amuna atatuwo mmodzimmodzi. "Msewu uno muli ndi matenda," anatero.

Mmodzi wa makasitomala aja anaphulika kuseka, koma anasiya msanga ataona nkhope ya mkazi wa Jaji. Iye sankaseka. Ankayang'ana misozi iwiri imene inkatsika pamasaya a mwamuna wake, ikusiya mizere pamwaye wa zitsulo. Anakhulupirira, zinkachita kuonekeratu. Koma mkwiyo wake sunathe, unangosintha njira.

"Bola chikanakhala chibwenzi," anatero, "ndikanadziwa woti ndidane naye. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuonera mawu nditatsitsa, khutu lina lili kuchitseko, ngati ndikuba m'nyumba mwanga momwe. Ndikalira munkaitana mwana kuti adzaone amayi ake opepera. Ndiye lero ndimve kuti misozi muli nayo? Misozi imene sindinaione ngakhale tsiku limene ankandilowetsa ku opaleshoni, mukukaitaya kwa mayi wa eni ake kuseri kwa katani?"

"Tsiku limenelo ndinalira, mayi a mwana. Ndinakalirira kuseri kwa chipatala, kumene amayanika zofunda."

"Kuseri! Kuseri! Zonse kuseri! Ine ndinalowa m'chipinda chija ndikuganiza kuti ndikafa mungopukuta manja ndi kansanza kanuko n'kubwerera kuntchito. Masiku atatu awa sindinadye, ndikudzifunsa kuti mwina chipsera cha pamimbachi n'chimene chakuthamangitsani. Zonsezi chifukwa choopa awa?" Analoza wometa ndi telala, amene anaweramitsa mitu ngati ana asukulu. "Awa amene akudziwa mpaka nambala ya gawo?"

Jaji anachita manyazi, koma osati manyazi amene wakhala akuwaopa miyezi itatu yonseyi. Awa anali oti mkazi wake wakhala akudziona ngati wosafunika, iye ali pampando wapulasitiki kulirira mkazi wa m'filimu.

"Ndakulakwirani," anatero. "Pamaso pa alamu ndi pamaso pa anthu awa, ndakulakwirani."

Mlonda anayang'ana wotchi ya pamkono. "Basi sidikira munthu, mlongo wanga. Tikutani?"

Wotchi ya pakhoma inali itangodutsa wani koloko. Mkaziyo anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kuyang'ana makiyi aja pabenchi.

"Gawo lomaliza mwaonera?" anafunsa.

"Linali la lero."

"Ine chichokere Lolemba sindinayatse tivi." Anatola makiyi aja, natolanso kampango. "Aka ndikawabwezera ndekha mayiwo, ndawatukwana mokwanira mumtima. Achimwene, chikwamacho pitani nacho kwanu."

"Nanga iwe?"

"Ine ndibwerera kunyumba, koma chikwama sichibwerera lero." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Tikayambira gawo loyamba. Mawu okweza, mawindo otsegula, katani wokoka kumbali. Magawo onse makumi anayi. Mukadzafika kumapeto muli pambali panga, mukulira ine ndikukuonani, mudzapite nokha kwa achimwene kukatenga chikwamacho. Mukadzathawira kuseri kamodzi kokha, ndidzachitsatira ine."

"Ndamva," anatero Jaji.

Anapita kukatseka shedi. Akudutsanso pakhonde, wometa anayesa kubweza nthabwala, mawu ali otsika: "Nanga a Jaji, chigamulo cha filimuyi n'chotani?"

"Afunseni mayi a mwana," anayankha osaima.

Mlonda analowera kokwerera basi, chikwama chili paphewa. Mkazi wa Jaji anatsogola, makiyi akulira m'dzanja lake, mwamuna ali pambuyo ndi ovolosi yake yakuda ndi mwaye. Masana amenewo mayi wamasiye uja anadikira mpaka thu koloko, kenako anapinda katani n'kutulutsa mpando wapulasitiki panja. Ndipo oyandikana nyumba ndi Jaji anadabwa kumva nyimbo yoyambira filimu ija ikutuluka pawindo mokweza dzuwa likuswa mtengo. Amene anasuzumira anaona awiriwo atakhala pampando umodzi, pakati pawo pali mpata wokwana munthu, rimoti ili m'manja mwa mkazi.