Ovomera Atatu

Mabingu anatseka shopu yake yometera dzuwa likadali pamutu, n'kubweza makasitomala awiri omwe anali atakhala kale pabenchi. Dzinali analitengera ku besi ya pakhosi pake, ija inkanjenjemeretsa mawindo a m'maholo gulu lawo likadali gulu. Anali anayi, masuti ofanana, nsapato zonyezimira, akuimba nyimbo zachikondi za chamba cha soul. Tsopano anatsala atatu. Wachinayiyo, wotsogolera nyimbo, anali atatha chaka ali kumanda, ndipo Loweruka kunali mwambo womukumbukira.

Nthenga, wa mawu apamwamba, anafika akutsimphina ndi bondo lake lija. Aphunzitsi, a mawu apakati, anabwera atakumbatira botolo la madzi ofunda. Womaliza kulowa anali mwana wamkazi wa malemu, yemwe ankayendetsa mwambowo. Anakhala pampando wometera, chikwama pamiyendo, n'kunena kuti akufuna adzimvere yekha asanawaike papulogalamu.

Anaima moyang'ana galasi lalikulu, n'kusiya mpata pakati monga mwa kale. Mabingu analiza chala, onse n'kulowa bwinobwino ndi "uuu" wa poyambira. Kenaka kunangoti zii, aliyense kudikira mnzake.

Apa m'pamene zinaululika, zamanyazi zake. Zaka zonse zija akuzungulira m'maholo, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mawu a wotsogolera kuchokera kumutu mpaka kumchira. Iwo anali ovomera. Malemu akati "Ukabwera usagogode," iwo ankayankha kuti "usagogode," n'kudikira mpata wina. Pakatipo khutu linkakhala pa mnzako kuti mawu agwirizane, osati pa nkhani ya m'nyimbomo. Aphunzitsi, munthu woti anakalambira kukalipira ana osaloweza, ankadziwa timizere tiwiri basi.

Kuyesa anayesa. Mwana wa malemu anaika nyimboyo pafoni, Nthenga n'kumaitsatira, koma iye akatsikira pamalo a malemu, pamwamba pankatsala pambalambanda ngati nyumba yosasuka denga. Aphunzitsi mpweya unawathera pakati pa mzere. Mabingu atayesa, Nthenga anaseka mpaka kutsokomola, akuti nyimbo yachikondi yasanduka lole yokana kulira m'mawa.

Mwana wa malemu sanaseke. Anafotokoza mwaulemu kuti atatuwo akakhala pampando wakutsogolo, akalandira maluwa, ndipo nyimboyo ikaulutsidwa pa masipika monga inajambulidwira.

"Amalume, sindikufuna anthu akakusekeni," anatero. "Bambo sakanakondwa nazo."

Mawuwo anamulasa Mabingu, ndipo anapsa mtima kwambiri chifukwa mwanayo sankanama. Koma kukakhala pansi n'kumaomberedwa m'manja chifukwa chongoti sunafe? Mnzake wa zaka zonsezo n'kutsanzikana naye ndi chimbale? Ayi ndithu, zimenezo zikachitikire ena.

"Tikaimba zathu zomwe timadziwa," anatero. "Pa bambo ako tikasiya momwemo. Sitikaikapo munthu."

Aphunzitsi anati imeneyo ndi misala, theka la nyimbo likhala chete. Mabingu anawayankha kuti wamantha atsale, iye akaima yekha ndi besi yakeyo. Nthenga anang'ung'udza kuti kukalamba ndi munthu wamakani ndi chilango, koma sanatuluke. Mwana wa malemu anawapatsa nyimbo imodzi, yomalizira, n'kuchenjeza kuti zikavuta akodola mkulu wa masipika kuti aike chimbale.

Sabata yonseyo anaphunzira ntchito yomwe sanaigwirepo, kusunga chete wautali wofanana ndi mzere wa malemu, osafupikitsa, osatalikitsa. Zinali zovuta kuposa kuimba. Nthenga ankafulumira, Aphunzitsi ankachedwa, Mabingu ankawabwezera poyambira osawamvera chisoni. Ngakhale pometa ankagwedeza mutu kusunga kayendedwe ka nyimbo, moti kasitomala wina anatuluka ndi mutu wopendekeka.

Loweruka holo inadzaza, ambiri a imvi. Atatu aja anakwera pansanja, masuti akuwathina m'mimba, n'kuima ndi mpata wawo pakati. Mabingu analiza chala. "Uuu" analowa bwino. Kenaka chete uja anafika, ndipo pamaso pa anthu anali wautali koopsa. Wina anatsokomola. Mpando unalira chakumbuyo. "Usagogode," atatuwo anavomera munthu yemwe panalibe.

Mabingu anachita mantha, thukuta n'kutsikira m'kolala. Anaona mwana wa malemu akukweza dzanja kwa mkulu wa masipika. Anamuyang'ana m'maso n'kupukusa mutu, chala chikulirabe.

Pa chete wachiwiri, mayi wina chakukhomo anaimba mzere wa malemu ndi mawu osasa, onjenjemera. Bambo wina anamuthandiza. Pofika mzere wotsatira, holo yonse inali ikutsogolera nyimbo, liwu ndi liwu, mopanda kuphonya, atatu aja akungovomera monga ankachitira kale. Dzanja la mwana uja linatsika n'kukagwira pakamwa.

Popeza anthu ambiri amaimba pang'onopang'ono, Mabingu anamva kwa nthawi yoyamba zomwe mnzake ankanena pandime yomaliza zaka zonsezo, iye ali pambali pake penipeni. "Ukandipeza nditapita, khala pansi, usalire. Ndinakudikira mokondwa."

Mabingu anatengeka ndi mawuwo. Nthenga anamugunyuza ndi chigongono, chifukwa mzere wotsekera unali wa besi yekha. Mabingu anakoka mpweya, misozi ikutsikira m'masharubu, n'kulowa pa nthawi yake.