Galimoto Imene Inkalira Yokha

Che Imran atamwalira, galimoto yawo inayamba kulira yokha. Inali Sienta yotuwa, yoima pansi pa mtengo wa mango pomwe anaisiya tsiku limene matenda anawagwetsa. Palibe ankaikhudza, koma nthawi zina inkangoti pii, magetsi n'kuphethira. Anthu a ku Kachulu anaona msanga kuti inkalira makamaka akafika Ibrahim, mng'ono wa malemuwo, amene ankagulitsa simenti ku Songani.

"Ndi alamu yawonongeka chabe," ankatero Ibrahim.

Amayi oyanika matemba pa mathandala ankavomereza. Vuto ndi alamu ndithu, ankatero, akuyang'anizana.

Sauda, mkazi wa malemu, ankazimva zonsezi ali m'chipinda. Anali pa eda, miyezi ija yomwe mkazi wamasiye wachisilamu satuluka panja kapena kuonekera kwa amuna. Galimotoyo ndi imene inkanyamula matemba ake kupita nawo ku Songani ndi ku Zomba. Popanda iyo akanakhala ngati anzake, ogulitsa pa doko pamtengo womwe wogula wanena, ndipo anali ndi ana atatu oti awadyetse, Sumaiya ndi azing'ono ake awiri.

Ibrahim ankafuna kuitenga, akuti akaisunge. Sauda anatumiza mulu wonse wa makiyi a mwamuna wake: wa nyumba, wa loko wa bwato, wa kanyumba kosungiramo nsomba. Palibe unagwira ntchito, chifukwa galimoto yamtunduwu ilibe bowo lolowetsamo kiyi. Imayaka podina batani, bola kiyi wake akhale m'thumba la woyendetsa.

"Ndikunena kanthu kakuda ka pulasitiki, kokhala ndi mabatani," anafotokoza Ibrahim ataima kunja kwa katani wa pakhomo. "Alamu, musandivutitse."

"Sindinakaonepo," anayankha Sauda.

Nkhani inafika kwa Shehe ndi kwa Che Alli, malume ake a Sauda. Sauda analumbira m'dzina la Allah, ali kuseri kwa katani, kuti kiyiyo alibe. Akuluwo anagamula kuti aitane mmisiri apange kiyi watsopano, Che Alli amusunge mpaka eda ithe, galimoto ikhale ya mayi ndi ana. Ibrahim anavomera, koma anawonjezera mawu amodzi: kiyi wakaleyo akadzapezeka m'nyumbamo, ndiye kuti mlamu wake walumbira zabodza, ndipo katundu wa ana amasiye sasungidwa ndi munthu wotero. Onse anagwedeza mitu movomereza. Palibe ankaganiza kuti mawuwo adzagwira ntchito.

Panali chinthu chimodzi chomwe Sauda sanauze aliyense, ndipo sichinali kiyi. Che Imran ankavala kachikopa kosokedwa mbali zonse m'kati mwa malaya, chingwe chake chili m'khosi. Sauda ankakhulupirira kuti ndi chithumwa cha panyanja, ngati zomwe asodzi ambiri amavala, ndipo sanafunsepo, chifukwa ku mzikiti kwawo zithumwa ndi zoletsedwa. Atatsala pang'ono kutsirizika, mwamunayo anakavula n'kumumangirira Sauda pamkono.

"Ichi chikusungani, inu ndi ana," anatero. "Ibrahim asachione."

Kuyambira pamenepo, akamva mawu a mlamu wake pabwalo, dzanja lake linkapita lokha pansi pa nsalu n'kufinya kachikopako.

Mmisiri anafika Lachiwiri m'mawa pa njinga yamoto, matope a mumsewu wa ku Zomba atamufika m'mawondo. Dzina lake anali Enoki. Anali wansangala, ndipo pakhomo pa maliro nsangala yakeyo inkamveka kwambiri. Anatulutsa kamakina kokhala ndi chingwe ndi kiyi watsopano ali m'pepala lake, n'kuziika pamwamba pa galimoto.

"Madala, ndikuuzeni ndisanayambe," anauza Che Alli. "Galimoto izi zili ndi kompyuta, zimaloweza kiyi wake ngati mwana wa ku madrasa. Ine ndiiphunzitsa watsopanoyu, wakaleyo ndimufufuta. Ngakhale mudzamutole mawa, adzakhala chidole."

"Mufufuteni," anatero Che Alli.

"Akuti imalira yokha?"

"Imalira mwini wake."

"Zikanakhala choncho bwenzi ku Limbe sitikugona," anatero Enoki akuseka. Palibe anamuthandiza kusekako.

Anagwada pafupi ndi chitseko, akufufuza zida m'chikwama. Nthawi yomweyo Ibrahim analowa pabwalo, akulankhula pa foni mokweza. Galimoto inati pii pii, magetsi anaphethira kawiri, ndipo zitseko zinamasuka.

Enoki anasiya chikwama chija.

"Mwaionatu," anatero Che Alli.

"Ndi alamu," anatero Ibrahim.

"Ayi, abwana, alamu siilira choncho. Alamu ikayamba siisiya, mudzi wonse umadzuka. Apa wina wadina batani lotsegulira." Anatembenuka akuyang'ana mtengo, mpanda wa udzu, kenako zenera la chipinda. Nkhope yake inali ya munthu wobweretsa uthenga wabwino. "Kiyi wanu ali pompano. Sapitirira mpandawu. Mwina mwana akuseweretsa. Ana ali kuti?"

"Kusukulu," anatero Ibrahim pang'onopang'ono, akuika foni m'thumba. "M'nyumbamo muli munthu mmodzi."

Anapita pakhomo n'kuitana. "Alamu."

Galimoto inaliranso.

Che Alli anayesa kunena kuti adikire Shehe, koma Ibrahim anali atatuma kale uthenga ku mzikiti, ndipo anthu anayamba kudzaza kumpanda. Amuna sakanalowa, choncho analowa amayi awiri achikulire a ku mzikiti. Anagwedeza mphasa, anatsegula sutikesi, anapisa m'thumba la mpunga. Sauda anangokhala pansi, dzanja lili pamkono. Kunja galimoto inkalira, kusiya, kuliranso. Mmodzi wa amayiwo anayang'ana dzanjalo kwa kanthawi, kenako anagwada n'kufunyulula nsalu.

Kachikopako anakatulutsa panja pa mbale, ngati chinthu chosayenera kugwidwa. Shehe anali atafika. Anakayang'ana, nkhope yake n'kuuma.

"Chithumwa," anatero.

Enoki anapempha lezala. Anadula ulusi, natulutsa kapepala ka pulasitiki kokulungidwa bwino, ndipo m'kati mwake munali kabolodi kobiriwira kokhala ndi mabatani awiri ndi batire longa ndalama yachitsulo. Anadina limodzi. Galimoto inayankha.

"Chikuto chake chinasweka," anatero. "Ndiye anasoketsa m'chikopa kuti madzi asalowe. Anali ndi nzeru bamboyu." Mawu ake anali atatsika tsopano, chifukwa anali ataona kuti palibe akusangalala.

Che Alli anayandikira katani. "Sauda, mwana wanga, lankhula. Unkadziwa?"

"Sindinkadziwa, amalume. Ndinkayesa ndi chithumwa. Anandimangirira okha bambo a Sumaiya."

"Ndiye tisankhe," anatero Ibrahim, osakweza mawu. "Ngati ankadziwa, analumbira zabodza. Ngati sankadziwa, wakhala akuswali, kupemphera kwa Allah, pa eda ya achimwene anga atavala chithumwa, ndipo akufuna tikhulupirire kuti achimwenewo ndi amene anamuphunzitsa. Shehe, mwa anthu awiriwa, ndi uti amene timusungitse katundu wa ana?"

Shehe anayang'ana pansi. Che Alli anatsegula pakamwa, koma mawu aja a Ibrahim anali atawavomereza pamaso pa anthu, ndipo anthuwo anali pomwepo kumpanda. Kuseri kwa katani, Sauda anali ataona kuti chilichonse chomwe angawonjezere chigwera pa munthu amene ali m'manda.

Enoki anaika kabolodi kaja m'chikuto chatsopano, nasintha batire lomwe linali litatsala pang'ono kutha. Anati likanatha lokha eda isanathe, ndipo galimoto ikanangokhala chete. Palibe anamufunsa zimenezo, ndipo atazinena anaoneka ngati akufuna kuzibweza. Kiyi amene anabwera naye anamubwezera m'chikwama osamutsegula.

"Ndipereke kwa ndani?" anafunsa.

Ibrahim anatambasula dzanja.

Injini inavuta pang'ono, kenako inayaka. Galimoto inatuluka pabwalo chammbuyo, ikuphwanya mango ogwa, n'kulowera njira ya ku Zomba. Pansi pa mtengo panatsala malo ouma, a makona anayi, pakati pa dothi lonyowa.

Ana atabwera kusukulu anaima pamalopo. Sumaiya, wamkulu, anatola kachikopa kaja pomwe kanatayidwa n'kukalowetsa m'nyumba. Sauda anakalandira, nakatembenuza. Kanali kopepuka, kotseguka mbali imodzi, kakununkhabe thukuta la mwamuna wake. Anakafinya, ndipo pabwalo panali zii.