Chifuwa cha Atikonda

Sabata yonse pa Manjawira anthu ankanong'onezana kuti Nomsa, mwana wa mayi ogulitsa kabichi aja, amamva za mumtima mwa munthu ngakhale pakati pali khoma.

Zonsetu zinayamba ndi masewera a aphunzitsi a sayansi, a Kizito. Ankaika ana awiri m'makalasi osiyana, aliyense n'kumuonetsa khadi lofiira kapena loyera, iye n'kulemba "eya" kapena "ayi". Mayankho akafanana ndiye kuti apambana, koma onse awiri akalandira lofiira, mayankho ankayenera kusiyana.

"Kaya mupangana chotani musanalowe, simungapambane koposa katatu pa kanayi," anatero a Kizito. "Kuli tinthu tochepetsetsa kuposa fumbi, timene tikalumikizana timachita mogwirizana ngakhale titatalikirana. Akatswiri ogwiritsa ntchito timeneto amaposa katatu pa kanayi, komabe nawonso amaphonya."

Nomsa ndi mnzake Atikonda anapambana maulendo onse makumi awiri.

Chinsinsi chake n'chakuti khoma la pakatilo silinafike kudenga. Atikonda ankangolemba "eya", ndipo akalandira lofiira ankatsokomola. Nomsa nayenso ankalemba "eya", koma akamva chifuwacho ali ndi lofiira ankalemba "ayi". Nzeruyi inali yake. Koma poti iye ndi mwana wa mkulu wa mpingo, pomwe a kwa Nomsa anali atangofika kumene kuchokera ku Bwanje, mbiri ya ufiti inagwera Nomsa yekha.

A Kizito anayesa kuzimitsa motowo. "Ngakhale tinthu tija sititumizirana uthenga. Apa wina anauza mnzake, basi." Anthu sanamve.

Loweruka Atikonda anapeza Nomsa pamsika, kabichi atafota padzuwa.

"Osagula apo, asisi," mayi wina anauza mnzake. "Mwanayo akuululirani zomwe munabisira amuna anu."

Anadutsa akuseka. Mayi a Nomsa anangowaza madzi pa kabichi, osadzutsa mutu.

"Chifuwa chija chinapola, anzanga?" anafunsa Nomsa.

"Iwe, bambo akamva kuti tinabera andichotsa m'kwaya."

"Ndiye ziimba. Ife tizidya kabichi wathu mpaka atituluke m'makutu."

Atikonda anayenda ulendo wonse wobwerera kwawo osagula n'tomato yemwe anamutuma.

Lolemba pa asembule, ahedi atafunsa ngati pali zolengeza, Atikonda anakweza dzanja. Ana onse anatembenuka. Asanalankhule anayamba watsokomola, ulendo uno zenizeni. Kenako anaulula zonse.

Nomsa sanamuyang'ane n'komwe. Mpaka lero amakhala madesiki otalikirana.

Nanga inu, akanakhala mayi anu aja owaza madzi pa kabichi, mukanamusunthira Atikonda kuti akhale nanu?