Setifiketi ya Masabata Asanu

Pakampani ina yotumiza katundu aliyense ankangomutchula kuti Mayi Mawaya, chifukwa intaneti ikangoduka onse ankathamangira kwa iye. Setifiketi yake yoyamba ya zolumikiza makompyuta inamudyera chaka ndi miyezi iwiri, ndipo mayeso ake anakhoza atalemba kachiwiri. N'chifukwa chake anakweza nsidze pamene mlamu wake, mwamuna wa mng'ono wake, analowa mu ofesi Lolemba m'mawa n'kuyala pepala lonyezimira patebulo.

"Alamu, ndamva kuti mukusaka wokuthandizani. Nayi setifiketi, ikadali yotentha."

"Munayamba liti kuphunzira?"

"Masabata asanu apitawo."

Mayi Mawaya anayang'ana pepala, n'kuyang'ana mwini wake. Si munthu yemweyu amene miyezi iwiri yapitayo anamuimbira foni kufunsa mosinthira pasiwedi ya wayifayi yakunyumba? Anakanda chidindo ndi chikhadabo, naunika pepalalo pawindo. Kenako analowetsa nambala yake pawebusaiti ya olembetsa mayeso, mumtima akuti ikana basi. Dzina la mlamu linatuluka bwinobwino, malikisi oposa amene iye anapeza.

"Mwaonatu? Mutu uwu si wongovalira chipewa," anatero mlamu akuseka.

"Munalemba ndinu, kapena munatuma munthu?"

"Aa, alamu! Pakhomo anandijambula nkhope, anaona ndi chiphaso chomwe."

Foni ya Mayi Mawaya inanjenjemera. Unali uthenga wa mng'ono wake: Achemwali, musamuvutitse, wakhetsa thukuta. Anaitembenuza chafufumimba.

"Tiyeni kuno."

Anamulowetsa m'kachipinda kozizira komwe kumakhala makina, mafani akung'ung'udza, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Anamufunsa mafunso atatu a m'buku, mlamu n'kumayankha funso lisanathe, ngati nyimbo. Liwiro limenelo ndi lomwe linamuwonjezera chikayiko. Anabwereza funso loyamba atangosinthamo nambala imodzi. Mlamu anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda, mawu osatuluka.

"Chabwino, zisiyeni. Pulinta ya kolandirira alendo yasiya kulumikizana ndi makompyuta kuyambira m'mawa. Muyambira pati?"

Mlamu anazungulira makinawo ngati mlendo wosowa khomo. Mwadzidzidzi anatambasula mkono n'kugwira waya wachikasu wapamwamba penipeni.

"Tizule kaye uyu, tibwezeretsenso."

Mayi Mawaya anamugwira dzanja msanga. "Mukazula ameneyo kampani yonse iima, madalaivala makumi anayi asowa kolowera. Alamu, tandiuzani zoona. Munaphunzira chiyani?"

Mlamu anakhala pabokosi la mawaya, maso pansi. Anaulula kuti mnzake wina anamutumizira mafunso mazana asanu ndi limodzi ndi mayankho ake. Iye anangowaloweza, ndipo m'mayeso anakumana ndi omwewo, osasintha ndi kadontho komwe.

"Koma setifiketi ndi yeniyeni, mwaona nokha."

"Pepala ndi lenileni, koma waya sawerenga pepala. Ntchito sindikupatsani. Mukafuna, muzibwera Loweruka lililonse ndizikuphunzitsani. Mukalimbikira, miyezi isanu ndi umodzi muyamba kuona njira. Mwina chaka."

"Chaka? Setifiketi ili m'manja?"

Anatola pepala lake natuluka osatsanzika. Mng'ono wake wa Mayi Mawaya anatha masabata awiri osayankha foni, ndipo mayi awo anaimba kufunsa ngati mwana wawo wamkulu wayamba nsanje.

Loweruka lachitatu, mlonda anabwera kudzanena kuti pageti pali bambo wina wanyamula kope. Anali mlamu. Sanapepese, Mayi Mawaya sanafunsenso kanthu. Anamupatsa waya, chopanira ndi timitu tapulasitiki khumi topanira kumapeto kwa waya, namuonetsa kasanjidwe ka timawaya tisanu ndi titatu ta mkatimo.

Pofika masana mlamu anali atapana mawaya asanu. "Onse ali bwino, alamu, ndikulumbira."

Mayi Mawaya anangoti, "Tiona," natenga choyezera n'kuwayesa mmodzimmodzi. Awiri anayatsa magetsi onse a choyezeracho, atatu anakana. Anadula mitu ya atatuwo n'kumubwezera.