Kutopa kwa Petronella

Petronella sankadziwa kukana. Kufakitale yosoka zovala ku Msasa ankatsala anzake akaweruka, n'kumamasula ndi kusokanso msoko womwe wina aliyense akanauvomereza. Kwawo ku Highfield kukagwa maliro, miphika ikuluikulu inkadikira iyeyo. Chaka chimene m'masitolo a pa Machipisa munangotsala mashelefu okhaokha, ankaimirako anansi ake pamzere wa buledi.

Kenako anadwala chimfine. Chimfinecho chinatha, koma mphamvu sizinabwerere. Ankadzuka thupi likuphwanya ngati wasenza matumba a simenti, ndipo kungosesa pakhomo kunkamugoneka masiku angapo. Kukiliniki anamuyeza magazi, osapeza kachilombo, shuga kapena TB. Nesi anangoti, "Mayi, kapumuleni," n'kuitana wotsatira.

Ntchito inatha. Mwamuna wake, Yakobe, anali ku Joni, ndipo kuimba foni kunkachepa mwezi ndi mwezi. Anthu ena ankati akubisa matenda, ena ankati ndi ulesi. Mawu a ulesiwo ndiwo ankamubaya mtima. Tsiku lomwe wapezako bwino ankachapa mabulangete onse n'kuwayanika poonekera kuti odutsa aone, koma mawa lake ankalephera ngakhale kukweza kapu.

Tsiku lina kunagwa maliro panyumba yoyandikana nayo. Mayi Tecla akutchalitchi anagogoda.

"Mayi Petronella, miphika ija palibe amaitha ngati inu. Mubwera?"

"Ndibwera," anayankha asanaganize n'komwe.

Anapitadi. Anasonkha moto, anadula kabichi, koma pophula mphika miyendo inangoti lobodo, iye khu pansi. Anamubweza kunyumba pa wilibala yotungira madzi, atadziphimba chitenje kumaso chifukwa cha manyazi.

Kuchokera pamenepo palibe amene anagogodanso. Sikuti ankamuda. Anangoleka kumupempha kanthu, ndipo zinaoneka kuti panalibe china chimene ankabwerera. Ankangogona n'kumayang'ana malata, akumva zigubu zikugundana popita kumjigo ndi ana akukuwizana m'Chishona.

Mng'ono wake Dinah, yemwe ankagulitsa tomato ku Hopley, anabwera kudzamuona n'kumupeza wagona m'zovala za dzana.

"Achemwali, tiyeni kwathu. Chipinda n'chimodzi, koma simukasowa wokupatsani madzi."

"Ndikakuthandiza chiyani kumeneko?"

"Palibe. Mukangokhala basi."

Petronella anatembenukira kukhoma n'kulira kwa kanthawi. Atapukuta misozi anati, "Chabwino. Koma zovala zanga uzisiye, ndipinda ndekha. Iwe umapinda mokhota."

Anapinda bulauzi mmodzi, mphamvu n'kumuthera. Dinah anamulanda mwakachetechete n'kumaliza zonse. Petronella anayang'ana mulu wokhotawo n'kuusiya momwemo.

Ku Hopley sanachire. Dinah ankalawirira kukagulitsa, akumusiyira botolo la madzi kumutu kwa mphasa. Petronella ankatsala yekha tsiku lonse m'nyumba ya matabwa, pakati pa anthu omwe sanamuonepo ali ndi mphamvu. Dzuwa likapendeka ankakokera kampando pakhomo n'kukhala, maso ali kunjira yomwe mng'ono wake ankabwerera.