Tsiku Limene Apongozi Anamva Zonse

Masewero onse amene amake Tutu anachitapo anali a m'Chingerezi. Apongozi awo ankabwera kuholo kudzawagwirira mwana, n'kumawomba m'manja pamene ena awombera. Sankamvapo kanthu, koma kwa aneba ankanyadira: "Mpongozi wanga amayankhula ngati wailesi."

Kenaka mkulu wa gulu lawo la zisudzo, amene ankamutcha Chipewa, anati watopa n'kusewerera mipando yopanda anthu. Sewero latsopano likhala m'chiyankhulo cha kunyumba. Gawo la amake Tutu linali la mkazi wamwano, wolimbirana makiyi a kabati ndi apongozi ake.

Tsiku la sewerolo mtima wa amake Tutu unali m'malere. Apongozi akakhumudwa, wogwira Tutu asowa, zisudzo zithera pomwepo. Anasuzumira pa kabowo ka katani: holo yadzaza, apongozi ali mzere wachiwiri, Tutu akuyamwa lamba wa chikwama chawo.

Nthawi itakwana, mawu anatuluka ndithu pakamwa pa amake Tutu: "Amayi, nyumba ino si yanu!"

Anthu anafa nalo phwete. Apongozi ayi. Milomo anaimanga ngati kukamwa kwa thumba, mpaka sewero kutha.

M'kachipinda kovalira, monunkha thukuta ndi paudala, amake Tutu ankamasula ndolo. Chitseko chinatseguka.

"Analemba zimenezi ndani?" anafunsa apongozi.

"Ndine, mayi," anatero Chipewa, yemwe analinso momwemo.

"Iwe, unaonapo kuti mpongozi wouzidwa zotere n'kungoti 'chabwino mwananga'? Ameneyo ndi munthu kapena pilo? Azimuyankha kuti, 'Mwamuna ukudzitama nayeyo, matewera ake ndinachapa ndine!'"

Chipewa anaseka mpaka kutsamira khoma. "Bwerezaninso, mayi, ndiwagwire bwino!"

"Nanga ine, amayi?" Amake Tutu anafunsa maso ali pansi. "Sindinakulakwireni?"

"Iwe? Ukanapanda kundigwiritsa mwanayu, nsapato iyi ikanakupeza pomwepo. Umatha, mwana iwe. Zaka zonsezi ine ndinkayesa mumangolakatula za kusukulu, osadziwa kuti mumakangana nkhani zenizeni." Anamupereka Tutu. "Kwaya, wanyowetsa. Loweruka undisungire mpando wakutsogolo, ndi wina wa mnzanga amake Dalo. Naye ali ndi mpongozi wovuta, adzaphunzirepo."

Amake Tutu analandira mwanayo. Anakhala pa bokosi la zovala, wigi ya mkazi wamwano ikadali kumutu, n'kuyamba kuyamwitsa.